Tsamba Limene Clifford Anati Lifufutidwe

Dorica anakumana ndi Clifford tsiku limene anayamba ganyu pa situdiyo yojambula maukwati ku Kawale. Situdiyoyo inkasamukira pa webusaiti yatsopano, ndipo ntchito ya Dorica inali kusefa masamba akale: abwino asamuke, otha ntchito afufutidwe. Bwana anamupatsa lamulo limodzi, loti asanafufute tsamba la ukwati uliwonse ayambe waimbira eni ake.

Clifford anali wojambula wa pamalopo, mnyamata wa pakamwa potsekemera.

"Duwa langa, kamera yangayi yaona akwati ambiri, koma ikaona iwe imanjenjemera."

Dorica ankaseka, koma mawuwo ankalowa. Mameseji nawo sankaphonya: "Chaka chisanathe, amalume anga afika kwanu ku Chinsapo." Mwana wa eni anakhulupirira n'kuuza amayi ake, ndipo amayiwo, poti nkhani yokoma siigona m'nyumba, anauza anzawo onse a kutchalitchi.

Tsiku lina Clifford anawerama pa kompyuta ya Dorica n'kuloza tsamba lina lakale. Zithunzi zake sizinkatseguka, pankangooneka nambala ya foni.

"Ili ungofufuta, wokondedwa. Banjali linatha kalekale, usataye mayunitsi."

Dorica anavomera. Koma Clifford atatuluka, anaopa bwana, ndipo anaimba nambala ija n'kufunsa ngati angafufute tsambalo.

"Ayi chonde, musafufute," anayankha mayi wina mwansangala, khanda likulira chapafupi. "Ndine Mirriam wa ku Biwi. Ngati zithunzi zasowa, funsani amuna anga, ali nazo. Amagwira ntchito konko, a Clifford. Kapena ndinu Dorica? Amakutamani kwambiri kuti ndinu mtsikana waulemu. Mudzabweretu kudzaona mwana."

"Zikomo amayi," anatero Dorica n'kudula foni.

Manyazi anamugwira thupi lonse. Anavula ndolo zimene Clifford anamugulira n'kuzifumbata, osadziwa kozitaya. Akawauza chiyani amayi ake, amene anali atasankha kale chitenje cha chinkhoswe? Nanga Lamulungu akalowa bwanji m'tchalitchi?

Analira mwakachetechete, atazolika pa tebulo. Kenako anapukuta misozi, nafufuza zithunzizo m'kompyuta yakale ya bwana. Anazipeza zonse. M'zithunzimo Clifford anali mu suti yoyera, akumwetulira monga ankamwetulira kwa iye. Analisamutsa tsambalo mosamala, osasiya chithunzi ngakhale chimodzi.

Foni inalira. Unali uthenga wa Clifford: "Wafufuta lija, mtima wanga?"

Dorica anayankha: "Ndaimbira eni ake. Akazi anu akuti likhale."