Malita ndi Mbale Yoyamba

Malita ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kunyamula mbale yoyamba paphwando la achimwene ake.

Achimwene akewo ndi a Morton. A Morton anali atamaliza sukulu ya uphunzitsi. Anabwera kunyumba ndi gauni yakuda. Anabweranso ndi chipewa cha makona anayi. Anthu onse a kuesiteti ya tiyi anabwera kudzachiona chipewacho.

"Loweruka tichita phwando," anatero amayi. "Koma atiphikire ndani?"

"Amake Brenda," anatero a Morton.

"Iii, ayi! Aja mchere amathira ndi dzanja lonse."

"Nanga amake Cathy?"

"Aja akayamba nkhani amaiwala moto. Mpunga umapserera."

Malita analumpha. "Amake Stella a ku Chonde! Aja mpunga amaphikira mumsuzi wa nkhuku. Kabichinso amathira msuzi wa nkhuku. Ukadya umanyambita zala!"

Amayi anaseka. "Iwe, za pakamwa sizikuphonya." Basi, anasankha amake Stella. Anasankha mpunga. Anasankha kabichi. Anasankha nkhuku zinayi zonenepa.

"Koma mbale yoyamba ndi ya Che Waziri," anatero a Morton.

Che Waziri ndi nkhalamba ya njinga yakuda. A Morton ali ndi mwendo wolumala. Ali mwana sankatha kuyenda mtunda wautali. Ndipo sukulu inali kutali. Tsiku lililonse Che Waziri ankawanyamula panjinga. Kugwe mvula, panjinga. Kubwere chiperoni, panjinga. Kukhale matope, panjinga pomwepo. Sanali abale awo ayi. Ankangoti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Che Waziri akapanda kudya, inenso sindidya," anatero a Morton.

"Mbaleyo ndinyamule ine!" anatero Malita.

"Unyamula iwe," anatero amayi. "Koma uli ndi ntchito ina. Che Waziri ndi Msilamu. Amadya nkhuku yokhayo imene wazinga Msilamu. Loweruka m'mawa ukawaitane. Adzazinge okha nkhuku zathu. Wamva?"

"Ndamva."

"Wamva ndithu?"

"Ndamva ndithu, amayi."

Loweruka linafika. Amayi anapita kutchalitchi kukabwereka mipando. A Morton anapita kukameta. Malita anatsala yekha m'nyumba. Anaona chipewa chija chili pamsomali. Anachitenga. Anachivala. Chinamufika pamphuno.

"Ndingokawaonetsa anzanga kumjigo," anatero Malita. "Pang'ono pokha."

Pang'ono pokha! Mwana ameneyu! Kumjigo uyu anavala, uyonso anavala. Anayamba kusewera sukulu. Malita ndiye anali mphunzitsi. Dzuwa linakwera. Malita ali pamasewera. Dzuwa linakwerabe.

Mwadzidzidzi Malita anakumbukira. "Mayo ine! Che Waziri!"

Anathamanga. Anadutsa m'munda wa tiyi. Anadumpha ngalande. Anafika wefuwefu.

"Odi! Che Waziri alipo?"

Akazi awo anasuzumira pakhomo. "Wachedwa, mwanangu. Apita kumsika ku Chonde. Pochokera kumeneko afikira kuphwando kwanu."

Malita anabwerera. Anathamanga kuposa poyamba. Atafika kuseri kwa nyumba, anaima chilili. Nthenga zili mbwee! Nthenga zofiira. Nthenga zoyera. Nkhuku zonse zinayi zinali kale mumphika.

Amake Stella anali kupukuta mpeni. "Ndadikira, ndadikira," anatero. "Alendo sangadye nthenga. Ndazinga ndekha."

"Ndiye Che Waziri sadya!" anatero Malita.

"Shii! Adziwa bwanji? Nkhuku ndi nkhuku."

"Koma amayi anati..."

"Iwe! Ukanena, phwando latha. Ukanena, achimwene ako sadya. Nanga wachedwa ndi ndani? Ndine? Tseka pakamwapo."

Malita anabwezera chipewa pamsomali. Anakhala pansi m'chipinda. Mtima unamuwawa kwambiri.

Akanena, Che Waziri sadya. Akanena, achimwene sadya. Akanena, onse adziwa kuti anali kumasewera.

Akapanda kunena, Che Waziri adya chimene sadya. Ndipo wowapatsa mbaleyo akhala iye, Malita.

Analira. Anapukuta misozi. Analiranso.

Masana alendo anafika. Wailesi inalira. A Morton anavala gauni ndi chipewa. Amayi anali pikitipikiti, uku kulonjera, uku kuyala mipando. Malita anawayandikira.

"Amayi..."

"Pambuyo pake, Malita. Sukuona alendo?"

Belu la njinga linalira. Ngriii! Che Waziri anafika. Anavala mkanjo woyera. Anakumbatira a Morton. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Anakhala pamkeka, poti mpando sankaukonda. Anasamba m'manja.

Za nkhuku sanafunse. Pakhomo pano Che Waziri sankafunsa. Ankadya ndi mtima wonse.

Amake Stella anapakula mbale yoyamba. Anaika mpunga. Anaika kabichi. Anaika ntchafu yaikulu. Anamupatsa Malita. Anamutong'olera maso.

Malita ananyamula mbale ija. Abale inu, kulemera kwake! Anayenda pang'onopang'ono. Anthu anawomba m'manja. Malita sanamwetulire.

Anagwada. Anaika mbale pamkeka.

"Zikomo, mama," anatero Che Waziri. "Bisimila." Atatchula dzina la Mulungu motero, anatambasula dzanja.

"Musadye!" anakuwa Malita.

Wina anazimitsa wailesi.

"Musadye, agogo. Nkhukuyo sanazinge Msilamu. Anandituma kudzakuitanani. Ine ndinapita kumasewera. Ndinachedwa. Ndalakwa ndine."

Che Waziri anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono. Amayi anagwira pakamwa. Amake Stella anabisala kuseri kwa miphika.

"Tiwapatse mpunga wokha," anatero amayi.

"Uli ndi msuzi," anatero Malita.

"Nanga kabichi?"

"Alinso ndi msuzi."

Mpunga, msuzi. Kabichi, msuzi. Miphika yonse, msuzi. Panalibe chimene Che Waziri akanadya. Ngakhale chimodzi.

"Idyani, abale anga," anatero Che Waziri. "Ine ndakhuta ndi maso. Mwana wanga wavala gauni."

A Morton anavula chipewa. Anachiika pamiyendo. "Ayi," anatero. "Ndinanena kale. Inenso sindidya."

Alendo anayang'anana. Uyu anaika supuni pansi. Uyonso anaika supuni pansi. Palibe anaseka. Palibe anavina. Pakhomo panangokhala ngati pamaliro. Mpunga unayamba kuzizira.

Malita anathawira kukadimba kakuseri. Anakhala pansi. Anakwirira mutu m'mawondo.

"Ndawononga phwando," analira. "Ndawononga phwando la achimwene. Sadzavalanso gauni. Che Waziri apita ndi njala. Zonsezi ndi ine."

Analira mpaka mawu anatha. Palibe anabwera kudzamutonthoza.

Kamphepo kanawomba. China chinamukhudza pamutu. Malita anadzutsa nkhope. Anali nandolo. Nandolo wa amayi, wamuwisi, makoko ali lendelende.

Malita anamuyang'ana. Nandolo sazinga. Nandolo alibe msuzi. Koma amuphikira muti? Miphika yonse inali ndi nkhuku.

"Poto wa tiyi!" anatero Malita. Mupoto wa tiyi simunalowepo nyama chigulireni.

Anadzambatuka. Anathyola nandolo. Anathyola, anathyola, mpaka diresi linadzaza. Anatenga poto wa tiyi. Anathira madzi. Anathira mchere. Anaika miyala itatu payokha. Koma moto unakana. Utsi wokhawokha. Anauzira. Utsi. Anauziranso. Utsi m'maso. Malita anayambanso kulira.

Wina anagwada pambali pake. Anali amake Stella. Anabwera ndi nkhuni zouma.

"Sendera," anatero chapansipansi. "Wolakwa si iwe wekha. Nanenso ndachita manyazi."

Anauzira kamodzi. Moto lawilawi! Madzi anawira. Nandolo anapsa.

Malita anatsuka mbale ina. Anaitsuka kawiri. Anathiramo nandolo ndi makoko ake omwe. Anaiyang'ana. Manyazi anamugwira. Paphwando la mphunzitsi, mlendo wamkulu adye nandolo?

Anayenda maso ali pansi. Wina anaseka pang'ono. Malita anafuna kubwerera. Koma sanabwerere. Anagwada pamkeka.

"Agogo," anatero. "Nandoloyu ndathyola ndekha. Ndaphikira mupoto wa tiyi. Mulibe msuzi. Pepani, ndi nandolo chabe."

Che Waziri anayang'ana mbale. Anayang'ana Malita.

"Ukadakhala chete, ndikadadya nkhuku ija," anatero. "Sindikadadziwa."

"Eya, agogo."

"Nanga unaneneranji?"

Malita anadzutsa maso. "Chifukwa inu simunafunse."

Che Waziri anatembenukira kwa alendo.

"Tamverani nonse. Kuyambira lero, chakudya chondipatsa mwana uyu ndizidya nditatsinzina."

Anatsinzinadi. "Bisimila." Anatola khoko limodzi. Analifinyira m'kamwa. Anatafuna.

"Mmm! Mchere wake wabwino!"

Amayi anaimba nthungululu. Wailesi inaliranso. Masupuni anayamba kulira m'mbale. Amake Stella anabwezera mpunga pamoto.

A Morton anatsika pampando. Anakhala pamkeka ndi gauni yawo yomwe. Anapisa dzanja m'mbale ya nandolo.

"Achimwene, nkhuku yanu ili apo," anatero Malita.

"Idikire," anatero a Morton. "Sendera kuno iwe. Samba m'manja."

Malita anasamba m'manja. Anakhala pakati pa achimwene ake ndi Che Waziri. Amayi nawonso anabwera ndi kukhala pamkeka. Anamupukuta Malita misozi ndi chitenje.

Anadya onse anayi m'mbale imodzi. Che Waziri anali chitsinzinire. Nandolo anatha yense psiti.

"Mama," anatero Che Waziri, "mupoto muja mwatsala wina?"

Malita anaseka koyamba tsiku limenelo. Ananyamula mbale, nathamanga kukawonjezera.