Namkungwi wa Pamsana

Dailesi atangotsika ndege ku Japani, msana wake unawerama wokha, mwini wake asanaulamule. Musandiyang'ane choncho inu, sindinamwe. Izi n'zam'tsogolo, nthawi imene okongola nonsenu mudzakhale zibwano zokhazokha ngati ine.

Pabwalo la ndegepo, mlendo aliyense ankamumata kachingwe kamagetsi pamsana, kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno. Kachingweko kankadziwa miyambo yonse ya kumeneko. Ukakumana ndi wamkulu, kakupinda msana. Ukafika pakhomo, miyendo yaima nji mpaka uvule nsapato. Ukafuna kuseka mokweza, ngati mmene amachitira mayi ali apawa, kankakufinya pakhosi pang'ono, mawu n'kubwerera m'mimba. Amalawi ogwira ntchito kumeneko anangokatcha namkungwi.

Eni dziko anali atachepa, ana sakubadwa, ndiye anatsegula zitseko kuti alendo abwere adzathandize. Koma ankaopa kuti ulemu wa makolo awo usungunuka ngati mchere m'madzi. Namkungwiyo ndiye anali mankhwala ake. Choseketsa n'choti kachingweko ankakapanga kunja, ndipo posakhalitsa ana a eni dziko omwewo anayamba kukavala, poti kukhala pansi kuphunzira kwa akulu kunkawatopetsa. Paja ulesi ulibe mtundu, si choncho achimwene ogona kumbuyoko?

Dailesi, mwana wa ku Ntcheu, anapita kukasamalira okalamba, n'kukakwatiwa ndi Noboru, mlimi wa mpunga m'mudzi wina wa kumapiri. Apongozi ake, mayi Hisako, sanavalepo chingwe. Ankawerama ndi msana wawo weniweni, wolira ngati chitseko chakale. Mtengwa wawoyo sankamunyoza, komanso sankamuyamikira. Ankati sakudziwa woti amuyamikire, mtsikanayo kapena chingwe. Dailesi pofuna kuwasangalatsa anasiya kukavula, ngakhale pogona. Zaka zinapita choncho.

Tsiku lina Noboru anagwa m'munda, mtima unaima.

Kumeneko mtembo amawotcha, kenako abale amatola mafupa ndi timitengo n'kuika mumtsuko, fupa lina kuligwira anthu awiri pamodzi. Nyansidwani, nawonso akamva kuti ife timachezera kuimba pamaliro amatidabwa.

Abale anabwera kuchokera m'mizinda ndi m'maiko akutali, aliyense ndi chingwe chake. Ankawerama pamodzi, kuweramuka pamodzi, ngati asilikali pa perete. Mayi Hisako anawayang'ana mmodzimmodzi, kufunafuna amene imfa ya mwana wawo yamupweteka mumtima. Sanamupeze. Onse anali aulemu mofanana.

Ndiye anatembenukira kwa Dailesi n'kumufunsa monong'ona mmene amalirira kwawo. Dailesi anati kwawo amalira mpaka mudzi wa tsidya umve, amamuitana womwalirayo dzina lake, kumufunsa kuti watisiyira yani.

"Vula chinthucho, mwana wanga," anatero mayiwo. "Umulire Noboru ngati kwanu. Ndikufuna ndimve munthu."

Aka kanali koyamba kumutchula mwana. Dailesi anapisa dzanja kumsana n'kukamatula kachingwe kaja. Anatsegula pakamwa. Chisoni chinali chitadzaza chifuwa chonse, koma pakhosi panadzifinya pokha, monga panazolowera zaka zonsezo. Anayesanso. Kunatuluka kamphepo basi.

"Amayi, sizikutuluka."

Mayiwo anamupatsa timitengo, nagwira fupa awiriwiri. Dzanja la Dailesi linali lisanagwirepo timitengo popanda chingwe. Fupa linapulumuka n'kugwa pansi. Ndipo amene analira ndi mayi Hisako, munthu woti moyo wawo wonse sanakwezepo mawu. Analira ngati a kwathu kuno, kuitana mwana wawo dzina. Abale ena mwina anafuna kuthamanga kukawagwira, sindikudziwa. Zingwe zinangowaweramitsa.

Madokotala anamuuza Dailesi kuti chingwe chikakhalitsa thupi limaphunzira, ndipo zimene thupi laphunzira sizimatuka. Anati si iye yekha, alipo ambiri, eni dziko ndi alendo omwe, kungoti ena sanadziwebe poti sanavule.

Mukuganiza kuti yathera pamenepo? Khalani pansi.

Patapita nthawi, mayi ake omubereka anamwalira ku Ntcheu. Ndege za nthawi imeneyo n'zothamanga, anafika maliro asanaike. Anavula nsapato pakhomo la siwa, anawerama bwinobwino kutsogolo kwa bokosi, n'kukhala pansi chete, maso ali gwa. Azimayi anayamba kukodolana. Azakhali ake anafunsa mokweza kuti ndi mwana wanji wosalira mayi ake, kapena akudziwapo kanthu pa imfayi. Dailesi anafotokoza za chingwe, azakhali anati chingwecho achione. Pamsana panalibe kanthu. Popita kumanda palibe amene anamugwira dzanja, ndipo mng'ono wake anachotsa ana pafupi naye.

Mukupukusa mitu, koma inu amayi a mpango wofiira, mukanakhalapo mukanayamba ndinu kukodola.

Munthu mmodzi yekha padziko lonse ankadziwa kuti Dailesi akulira, nkhalamba ija ya kumapiri. Ndiye anabwerera komweko. Mayi Hisako atamva zonse, anaika chithunzi cha mayi a ku Ntcheu pambali pa cha Noboru, anayatsa lubani, nafunsa dzina la malemuwo. Analiitana molakwitsa, lilime likukana, koma anawalira ndithu, Dailesi atangowagwira dzanja, pakamwa pali yasa.

Mwambo eni dziko aja anausunga, sunatayike ngakhale pang'ono. Chimene chinasowa ndi anthu oti azikhala m'kati mwake.