Wotsalira M'basi Yomaliza

Mayi wina anafika mumzinda madzulo ena, atanyamula chikwama chimodzi basi. Kwawo ankamutcha Tsabola, ndipo amene anamupatsa dzinalo sanalakwitse. Sanali woputa anthu, koma ukamuponda chala sankadikira mawa kuti akuuze.

Anabwerera ntchito yotsuka mabasi usiku kudepoti ya maulendo ataliatali. Mwamuna wake anatsala kwawo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, kamtsikana kongogweluka kumene mano akutsogolo. Anapangana kuti Tsabola akakhazikika, mwanayo abwere adzayambe sukulu mumzinda, azigona pafupi ndi mayi wake. Chimene chinamuchotsa kwawo chinali chimenechi, palibenso china.

Vuto linali lakuti woweruza zoti wakhazikika anali mlamu wake, mlongo wa mwamuna wakeyo, amene anamupatsa kachipinda kakumbuyo m'nyumba mwake. Mlamuyo sanadikire n'komwe kuti mlendo avule nsapato.

"Alamu, pakhomo pano ndi paulemu," anatero. "Ntchito zausikuzi timazidziwa. Ndikangoona chachilendo, achimwene amva tsiku lomwelo, ndipo mwanayo kuno sapondako."

Mawu anali atafika kale pakhosi, koma Tsabola anawabweza chifukwa cha mwana.

Kudepoti anapeza kapitawo wamimba yaikulu ndi amayi atatu ogwira ntchito yomweyo. Wamkulu mwa amayiwo, amene onse ankangomutcha Mayi Wamkulu, anali ndi mawu ofewa ngati wakwaya. Kapitawo anaponyera Tsabola ovololo, tsache, mopu ndi tochi.

"Iwe watsopano, yako ndi basi yomaliza kufika. Ukapezamo wina wagona, mutsitse. Kuno si kogona alendo."

Amayi aja anayang'anana, kenako aliyense anapitiriza kufinya mopu wake. Palibe anamutsina khutu. Anthu akuluakulu, obereka, anangowerama ngati aona ndalama m'ndowa. Nkhanza yonse ya nkhaniyi inachitikira pamenepo.

Basi yomaliza inkafika mabasi ena onse atatsukidwa kale, ndipo inkaimikidwa kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mpanda, kumene getsi silinkafika bwino. Tsabola ankalowa yekha. Ankatola mabotolo, kusesa makoko a zipatso, kupala chingamu pansi pa mipando. Ntchito ankaidziwa, ndipo sankanyinyirika.

Koma tsiku lina asanaweruke kapitawo anamukalipira pamaso pa anzake.

"Kumbuyo kuja ukusiyira ndani? Agogo ako?"

Anapita kukaona. Pansi pa mpando wakumbuyo, cha kuwindo, panali fumbi lofiira la mapazi awiri a nsapato, ogundizana bwinobwino. Iye anali atakolopapo ndi manja ake. Anakolopanso. Usiku wotsatira fumbi lija linalipo, pamalo pomwepo. Anaganiza kuti ndi amayi aja akumuchita chipongwe kuti achotsedwe ntchito, ndipo mtima unayamba kumuwawa.

Kenako kunabwera usiku wamvula yowaza. Dalaivala anaimika basi, kuzimitsa magetsi, n'kuthamangira kwawo. Tsabola anakwera ndi ndowa yake. M'basimo munkazizira kuposa panja. Anasesa kuyambira kutsogolo, mutu uli pansi, mpaka tsache linagunda nsapato.

Zinali nsapato zatsopano, zakuda, zodzaza fumbi.

Anakweza tochi. Pampando wakumbuyo panakhala mwamuna wowonda, wovala jekete lomukulira ndi tayi yomanga mokhota. Pamiyendo anafukata chikwama chansalu. Maso anali otsegula, akuyang'ana pagalasi pamene pankangooneka mpanda.

"Amayi," anatero mwamunayo ndi mawu otsika, "kodi tafika?"

"Mwafika kalekale, achimwene. Anzanu onse atsika. Tanyamukani nditsuke."

Munthuyo sanasunthe. Tsabola anayang'ana fumbi lija pansi pa nsapato zake, ndipo magazi anamuwira. Ndiye ndi ameneyu ankamukalipitsa masiku onsewa!

"Kodi ndinu mumagona muno? Ine ndizitukwanidwa chifukwa cha mapazi anuwo? Dzukani!"

"Anati adzandichingamira," anatero mwamunayo. "Anati ndisatsike mpaka abwere."

"Kawadikireni kugeti. Muno si m'nyumba mwanu."

Atanena zimenezo anagwira chikwama chija n'kuchikoka. Chinali chopepuka ngati mulibe kanthu, koma chozizira mpaka zala kuwawa. Anatsika nacho masitepe, mtima uli m'mwamba, n'kuchiyika pansi panja. Pambuyo pake anamva nsapato zikulira, kwii, kwii, monga zimachitira nsapato zimene sizinazolowere phazi.

Mwamunayo anaima pafupi naye, n'kuwerama pang'ono.

"Zikomo pondilandira, amayi."

Tsabola anamufulatira. Anakweranso kukamaliza ntchito. Akusuzumira pawindo anaona amayi atatu aja ataima pakhomo pa shedi yosungiramo zipangizo, mamopu ali m'manja, ali duu, akumuyang'ana. Mmodzi anagwira pakamwa.

Anaweruka kunja kusanache. Msewu unali zii, mashopu otseka, agalu okha akufukula m'zinyalala. Atakhota pa mphambano anamva kulira kuja. Kwii, kwii. Anaima, nako kunaima. Anatembenuka. Pansi pa getsi la mumsewu panaima mwamuna uja, chikwama chili m'manja. Mvula inkawaza, koma jekete lake linali louma.

"Mukunditsatiranji inu? Mulibe manyazi? Ndine mkazi wa mwini ine!"

"Ndilibe kwina, amayi."

"Ndiye ndikhale ine? Chokani! Ndikuwa!"

Agalu aja anali atasiya zinyalala. Sanauwe. Anangopinda michira n'kulowa pansi pa galimoto. Apa mpamene thupi la Tsabola linachita tsembwe. Anayenda ndawala, kenako anathamanga. Atafika kunyumba anatseka geti ndi loko, chitseko chakumbuyo ndi mpiringidzo, chakuchipinda kwake ndi kiyi. Anadziponya pabedi ndi ovololo yomwe.

M'kachipindamo munali bedi, mpando umodzi wathabwa, ndi msomali wokolekapo zovala. Anagona akumvetsera kupuma kwake. Patapita kanthawi nsapato zinalira, koma osati panja. Mpando wathabwa unalira ngati wakhalidwa. Wina anausa moyo, monga amachitira munthu amene wafika pambuyo pa ulendo wautali.

Anayatsa tochi. Pampando panalibe munthu. Pansi pake panali fumbi lofiira la mapazi awiri.

Mantha anali nawo, tisanamizane. Koma mkwiyo unaposa.

"Tulukani m'chipinda mwanga!" anakuwa. "Ndati tulukani!"

Chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. Anali mlamu wake, atamanga nsalu m'chifuwa, maso ali psuu.

"Tsegulani, alamu! Ndamuona ndi maso angawa pawindo. Wajekete. Walowa pambuyo panu penipeni!"

Tsabola atatsegula, mlamuyo anasuzumira pansi pa bedi, anagwedeza zovala zapamsomali, anayang'ana kuseri kwa chitseko. Sanapeze munthu.

"Mwamutulutsira pawindo."

"Windo lazitsulo limenelo? Alamu, munthu angadutse apo?"

"Zimenezo mukafotokozere achimwene. Mwangofika dzulodzuloli, mwayamba kale kukoka amuna a m'mabasi!"

Mlamuyo anatuluka foni ili kale kukhutu. Pofika masana, mzere wonse wa nyumbazo unali utamva, ndipo amayi apampopi ankasiya kulankhula Tsabola akamadutsa.

Madzulo Tsabola anafulumira kupita kudepoti. Anapeza Mayi Wamkulu akusungunula sopo m'ndowa, ndipo sanamupatse moni.

"Ndiuzeni. Ndi ndani munthu uja?"

Mayi Wamkulu anayang'ana kumbuyo kwa Tsabola kaye, kenako anatsitsa mawu.

"Amati anabwera kalekale, ife tisanalembedwe. Ankadzayamba ntchito ngati iwe. Womuchingamira sanabwere, iye n'kuopa kutsika mumzinda wosaudziwa. M'mawa anamupeza pampando pomwepo, atauma. Basi ija inatha, inagulitsidwa, koma iye amangopezeka m'imene yafika pomaliza. Akafunsa, timati sitinafike, gonani. Timasesa mozungulira mapazi ake. Ndipo chikwamacho sitikhudza. Ukamunyamulira katundu, wamulandira."

"Ndiye munkadziwa?"

"Tonse."

"Kapitawonso?"

"Iye ndiye anati tisakuuze. Okwera amadandaula kuti kumbuyoko kumazizira."

Amayi ena awiri aja anali atasendera pafupi, ndipo Tsabola anawaloza chala onse atatu.

"Munaima apo, amayi akuluakulu, n'kumandionerera ngati mpira?"

"Safunsa anadya phula, mwanawe."

"Ndikanafunsa chiyani? Kodi munthu akayamba ntchito amafunsa ngati m'basi muli maliro okhala pampando? Inu anakuuzani ndani? Si anzanu anakutsinani khutu?"

"Tatopa naye," anatero Mayi Wamkulu, mawu ake ali ofewa chomwecho. "Tinaona kuti iwe ndiwe wolimba mtima, ndiponso si wakuno. Ife tili ndi ana."

"Ine ndinabereka mwala?"

Tsabola anafunsa ngati pali njira yomubwezera m'basi. Mayi Wamkulu anapukusa mutu, nati wolandiridwa sabwerera pampando. Tsabola anakankha ndowa ija ndi phazi, madzi a sopo n'kumwazikira pamiyendo ya onse atatu. Sizinathandize kanthu, koma zinawayenera.

Usiku umenewo basi yomaliza inali yofunda, ndipo pansi pa mpando wakumbuyo panali mbee. Kapitawo anamuyamikira kuti tsopano waidziwa ntchito. Pobwerera kunyumba nsapato zija zinkalira pambuyo pake, osafulumira, ngati za munthu wodziwa njira yakwawo.

Kutacha, ali khale pabedi osagona, foni inalira. Anali mwamuna wake. Tsabola anakonzeka kumenya nkhondo, koma mawu a bamboyo anali odekha.

"Amayi ake, mlongo wanga ndimamudziwa. Akaona mphaka amati waona kambuku. Ine sindinakukayikirenipo. Ndaganiza kuti mwanayu abwere Loweruka lomweli, azikhala nanu, anthu atseke pakamwa. Ndamupezera kale womuperekeza."

Misozi inatsika yokha. Chimene anasiyira kwawo, chimene anamezera mawu a mlamu wake, chinali chitafika m'manja.

"Ndipatseni ndimulankhule," anatero.

Kamtsikana kaja kanabwera pafoni kakupuma mothamanga, mawu akutulukira pamene panachoka mano. Kanafotokoza za diresi limene kadzavale, ndi kuti kachapa kale nsapato. Kenako kanakhala chete ngati kakumvetsera wina.

"Amayi, amalume muli nawowo ndi ndani?"

Tsabola anayang'ana mpando wathabwa. Panalibe munthu.

"Palibe amalume kuno, mwanangu."

"Alipo. Akundilankhula. Akuti ndisaope, basi ikadzafika ndisadzatsike. Akuti adzabwera okha kudzanditenga."

Mpando uja unalira pang'ono, ngati wokhalapo wasendera kutsogolo.

Bamboyo analanda foni. Mawu ake anali atasintha, koma ankayesetsabe.

"Ana amalota ali maso, ndikudziwa. Mwina wamva wailesi ya oyandikana nawo. Amayi ake, ndiuzeni mawu amodzi okha. Nenani kuti muli nokha m'chipindamo, ine ndikhulupirira, ndipo mwana akwera Loweruka."

Tsabola anadziwa kuti bamboyo akunena zoona. Akanangoti ndili ndekha, zikanatha. Akanati afotokoze za munthu wam'basi, bamboyo akanaseka, n'kunena kuti ntchito yausiku yamusokoneza mutu, ndipo akanafulumiza mwanayo kuti adzamuchotse kusungulumwa. Ankamudziwa mwamuna wake, munthu wabwino wosamva za mizukwa. Panali chinthu chimodzi chokha chimene chikanamuletsa kukweza mwana basi.

Anapukuta misozi ndi mkono wa ovololo.

"Sindili ndekha, abambo ake. Alamu sananame. Muli mwamuna muno, ndipo sachoka. Mwanayo asabwere."

Chapatali kamtsikana kankafunsa ngati kayike diresi m'chikwama. Kenako foni inaduka.

Mlamu wake anamutulutsira katundu panja tsiku lomwelo. Masiku ano Tsabola amachita lendi kachipinda kuseri kwa depoti, ndipo akutsukabe mabasi. Oyandikana naye amanong'onezana kuti ndi mkazi amene anataya banja ndi mwana chifukwa cha chibwenzi chimene palibe anachionapo masana. Amati m'bandakucha amamumva akukalipira munthu, ndipo munthuyo sayankha.

Amayi atatu aja amamva manong'onong'owo tsiku lililonse pobwera kuntchito. Amadziwa zoona zake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Mpaka lero palibe mmodzi mwa iwo amene anatsegulapo pakamwa kumuyeretsa.