Womaliza pa Mzere Woyezetsa

Zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa. A Pauline, amene anali mzamba wathu, akadali moyo ku Maganga, mukhoza kukawafunsa. Ine ndine Gladys. Ndinali namwino pa kachipatala kena kufupi ndi Chipoka chaka chimene kunagwa chimfine chachikulu chija, chomwe chinkagoneka nyumba yonse tsiku limodzi.

Ku boma kunachokera kalata yoti wantchito aliyense aziyezedwa kutentha kwa thupi m'mawa asanakhudze wodwala. Ntchitoyo anandipatsa ine. Kagalasi koyezera kanali kamodzi kokha. Ndinkakaika m'kamwa mwa munthu, kukaviika m'kapu ya sipiliti, kenaka m'kamwa mwa wina. A Lenard okha, mkulu wa chipatalacho, sankaima nafe pa mzere. Ankangoyang'anira, manja ali kumbuyo, uku akutsokomolera m'kampango.

Womaliza nthawi zonse ankakhala a Mustapha, ochapa nsalu za odwala, chifukwa ankayamba anyika nsaluzo m'madzi. Ankafika pakhonde manja akununkhira sopo. Mwezi wa Ramazani utayamba, anandinong'oneza:

"A nesi, ine ndafunga, ndikusala kudya. Sipilitiyo asandilowe m'kamwa. Mundiike m'khwapa, chonde."

Ndinali nditavomera kale ndi mutu pamene a Lenard anakuwa.

"M'kamwa! Kalata ikuti m'kamwa!"

"Bwana, kuyezedwa sindikukana ayi."

"Ukukana lamulo la boma. Timakudziwani inu, zigawenga!"

Masiku amenewo liwu limenelo linkapha munthu. Kalatayo ine ndinali nditaiwerenga kawiri, ndipo munalibe mawu oti m'kamwa. Ndinkadziwa. Ndinakhala chete. Tonse khumi ndi mmodzi tinangoyang'ana pansi ngati taba nkhuku. Dzuwa lisanafike paliwombo anyamata a chipani anabwera, n'kuwakoka a Mustapha pochapira, thovu lidakali m'manja. Patapita masabata awiri akazi awo, a Salma, anauzidwa kuti akatenge mtembo. Chimfine chinawapeza m'chitokosi, momwe anthu anapanikizana ngati usipa m'dengu. Bambo amene anachapa magazi ndi masanzi a anthu zaka khumi ndi zisanu osadwalapo, kufera kagalasi! Ndipo mudziwe kuti sabata yomweyo sipiliti anatha, tinayamba kuviika m'madzi wamba. Pamenepo lamulo la boma a Lenard sanalikumbuke.

Lolemba lotsatira maliro ndinayeza anthu onse monga mwa masiku onse. Ndinakutumula kagalasi, n'kukabwezera m'kapu. Anthu asanabalalike, mpheta zimene zinkasokosa mumtengo wa mango zinangoti zii. Mphepo inaleka. Kenaka fungo la sopo, lamphamvu, ngati wina wandiyandikizira manja kumphuno.

Wina anatsokomola kumapeto kwa mzere.

Chifuwa chouma, chochokera pansi penipeni. Tinacheuka tonse. Panalibe munthu. Pasimenti panali madontho a madzi, ndipo ena anali kugwabe. Tho. Tho. Denga linali louma.

A Pauline anandigwira pamkono, zikhadabo mpaka kulowa.

"Gladys," anatero motsitsa mawu, "taona m'kapumo."

Kamzere kasiliva kanali kukwera kokha. M'madzi ozizira. Kanadutsa pa kutentha kwa munthu wabwinobwino. Kanadutsa pa malungo. Kanakafika kumapeto kwenikweni.

Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Palibe amene ankafunanso kuima kumbuyo, akuluakulu ankakankhana ngati ana a sukulu. A Lenard anasiya kutuluka pakhonde, ankamvera mu ofesi chitseko ali atatseka. Zimenezo n'zimene zinandiwawa koposa. Lachisanu mantha anandithera, panatsala mkwiyo wokhawokha. Ndinakamenya chitseko chawo ndi chibakera.

"Bwana, munthu wanu uja sanayezedwe. Bwerani mudzamuyeze nokha."

"Ukuyankhula ndi ine, iwe?"

"Ndi inu nomwe. Si mumadziwa kumene kagalasi kamalowa?"

Anatuluka maso ali psu, anthu onse akuona. Anatsomphola kagalasi m'kapu. Pomwepo anakuwa, n'kukaponya pansi, kanangoti phwa. M'dzanja mwawo munatuluka thuza lalitali ngati agwira chikuni chamoto. Chifuwa chija chinamveka pakhutu pawo penipeni. Kolala ya malaya awo inayamba kunyowa, pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri.

Anathawa osatseka ofesi.

Mwina mukuganiza kuti anafa, kapena anapenga. Ayi ndithu. Mwezi usanathe anawasamutsira kutauni, n'kuwakwezanso pa ntchito. Anakalamba bwinobwino, pamaliro pawo panaimba makwaya atatu. Ndinafunsa anthu amene anagwira nawo ntchito kumeneko, ndipo palibe anamvapo chifuwa chilichonse.

Chinatsala ndi ife. Mliri unatha, kuyezana kunatha, koma m'mawa uliwonse tikamadutsa pakhonde paja, fungo la sopo, kenaka chifuwa. Ndinkalira ndi ukali. Ndinkafunsa mumtima kuti, a Mustapha, amene anakuperekani mukumudziwa, nanga ife mukutifunanji?

Pomaliza ndinayenda wapansi kupita kwa a Salma. Ndinawapeza akuyanika mpunga pamkeka. Ndinagwada, n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera osasiya ntchito yawo.

"Kuno sabwera," anatero. "Ngakhale kutulo sindinawaonepo."

"Nanga kwathu akufunako chiyani, mayi?"

Anasiya mpungawo, n'kundiyang'ana.

"A Lenard anali mmodzi. Inu munalipo angati pakhondepo?"

Kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri, wina anatsokomola. A Salma anapitiriza kuyala mpunga wawo. Iwo sanamve kanthu.