Botolo Lovala Sokosi

Uyu ndi Kafunso. Amakonda kufunsa. N'chifukwa chake anamupatsa dzinali.

Kafunso akufuna yunifolomu yatsopano. Sukulu itsegulira Lolemba.

Bambo ake ndi telala. M'mawa amasoka bwino. Koma masana m'shopu mumatentha. Bambo amaiwala. Bambo amakwiya. Dzulo anasoka thumba mozondoka!

Kafunso ali ndi nkhawa. Kodi yunifolomu yake idzazondokanso?

Amalume anabwera ndi timapaketi ta ufa.

"Alamu, muzithira ufawu m'madzi," anatero amalume. "Umanola ubongo. Umachotsa mkwiyo."

"Mwadziwa bwanji, amalume?" anafunsa Kafunso.

"Alemba papaketipa!"

"Tiyeni tiyese," anatero Kafunso.

Kafunso anaika zinthu khumi m'mbale. Munali batani, choko, ulusi ndi zina. Bambo anaziyang'ana. Kafunso anavindikira mbale.

"Tchulani, bambo."

Bambo anatchula zinayi zokha. Nkhope inali ndwii. Kafunso analemba 4. Anajambulanso nkhope yokwiya.

Kenako anaveka botolo sokosi. M'kati simunkaoneka.

"Amayi, tsiku lina muzithira ufa. Tsiku lina madzi okha. Musatiuze."

"Nanga kukoma kwake?" anafunsa amayi.

Kafunso anaganiza. "Muzifinyira ndimu masiku onse."

Lachiwiri bambo anamwa botolo lonse. Anatchula zinthu zisanu ndi zitatu. Kafunso anajambula nkhope yoseka.

Lachitatu bambo anamwa botolo lonse. Anatchula zisanu ndi zinayi. Nkhope yoseka.

Lachinayi, zisanu ndi zinayi. Lachisanu, zisanu ndi zitatu. Bambo ankasoka akuimba mluzu.

"Mwaonatu!" anatero amalume. "Ufa wanga si masewera!"

Amayi anaseka. "Achimwene, ufa ndinathira Lachiwiri ndi Lachinayi basi. Masiku enawo anali madzi ndi ndimu."

Amalume anaona pepala la Kafunso. Anakanda mutu. Manambala anali ofanana.

"Ndiye chasintha n'chiyani?" anafunsa bambo.

Kafunso anayang'ana pamakina. Panali kapu ya bambo. Inali yodzaza ndi mapini.

"Bambo, kale madzi munkamwera muti?"

Bambo anayang'ana kapu. Anayang'ananso Kafunso.

"Sindinkamwa, mwanawe. Kapu inali pa ntchito ina."

Onse anaseka. Amalume ndiwo anaseka kwambiri.

"Kufunsa n'kudziwa njira," anatero amalume. "Ndagonja."

Kafunso anakhuthulira mapini m'chitini. Anatsuka kapu. Anathiramo madzi.

"Imwani, bambo. Kenako musoke."

Bambo anamwa. Makina analira. Analira masana onse.

Lolemba Kafunso anavala yunifolomu yatsopano. Anasangalala kwambiri. Anaponya pensulo m'thumba. Anadumpha. Anadumphanso.

Pensulo sinagwe.