Kadontho ka Pansi Kumanzere

Chinayamba ndi mpando. M'chipinda chamdima cha labotale yatsopano, yomwe mayunivesite awiri anamanga pamodzi kuti azifufuziramo za maso, dokotala ankaupeza m'mawa uliwonse utatsitsidwa, ngati panakhala munthu wamtali.

Mwamuna wake anali wamtali. Ndiye anayambitsa ntchitoyi, koma anamwalira penti asanaume m'makoma.

Makina a m'chipindamo ankayatsa timadontho ta kuwala pakhoma, ndipo woyezedwa maso akaona kamodzi ankadina batani. Powakonza, malemuyo ankadziyeza yekha. Diso lake lina linali lofooka, moti kadontho ka pansi kumanzere sankakaona.

"Mayi, makinawa akumadziyatsa tikaweruka," anatero chonong'ona injiniya wa yunivesite inayo. "Ndipo alipo akumadina. Timadontho tonse akutipeza, kupatula ka pansi kumanzere. Tiwabweze tsiku lotsegulira lisanafike, tingachite manyazi."

"Asiyeni, achimwene," anayankha dokotala, maso ali pansi.

Okolopa anayamba kuchilambalala chipindacho. Mlonda ankauza anthu kuti amamvamo kutsokomola.

Dokotala sanauze aliyense kuti madzulo, anzake akapita, ankalowamo n'kukhala pansi, msana kuchitseko. Mdima unali wa ndiweyani, fani ikung'ung'udza chapansipansi. Kadontho kakayaka, batani linkalira: kha! Kena kakayaka: kha! Koma ka pansi kumanzere kakayaka, m'chipindamo munkangoti zii. Bata limenelo ndi lomwe ankabwerera. Linali lokhalo la mwamuna wake lomwe sanaliike m'manda.

Kutatsala pang'ono kutsegulira, injiniya anabwera ndi zida zomasulira makinawo.

"Khalani kaye mumve nokha," anamupempha dokotala. "Mukamva, simuwachotsa."

Anatseka chitseko. Timadontho tinayamba kuyaka, batani likuyankha. Injiniya anagwira khoma.

Kenako ka pansi kumanzere kanayaka.

Kha!

"Ndiye kuti... bwana ayamba kuona tsopano?" anafunsa injiniya.

Dokotala anatchera khutu kumpandoko. Kunkachokera mpweya wofupika, wothamanga, wosiyana ndi umene anagona pafupi nawo zaka zonse zija. Anadzifunsa kuti madzulo onsewa ankakhala ndi yani, ndipo ameneyo anaphunzira bwanji kusaona kadontho kaja.

"Zimitsani, achimwene," anatero motsitsa. "Amenewa si amuna anga."

Mumdimamo mpando unalira pang'onopang'ono, ukutembenukira kwa iwo.