Sefa ya Ulemu

Tsiku limene mkanda unalankhula koyamba, mai Kaliwo anali atanyamula kapu ya tiyi, ndipo kapuyo inathera pansi.

Munali m'chaka cha 2074, m'kachipinda ka pamalo othandizira mabanja pa boma la Ntcheu. Mwana wawo Ndaziona, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anali atakhala pakona monga mwa chizolowezi chake, akugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo. M'khosi mwake munali mkanda wobiriwira, ndipo kuseri kwa khutu anali atamumata kachitsulo kopyapyala ngati khungu la mtedza. Kenaka mumkandamo munatuluka mawu a mtsikana, ofatsa, osathamanga.

"Zenera ilo likuimba. Mazenera ena onse ali chete."

Dokotala Kachere, amene anabwera ndi makinawo, anapita pazenerapo ndi kachipangizo kake koyezera. Masiku amenewo magalasi a mazenera ankakolola dzuwa n'kupanga magetsi, ndipo galasi limenelo linapezekadi kuti linali ndi nthambo yofooka imene inkalira mopyapyala kwambiri, kulira kosamveka m'khutu la munthu wamba. Adokotala anatembenuka tsitsi litawaima. Mai Kaliwo sanaone n'komwe zimenezo. Anali atagwada m'tiyi wotayikayo, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa chibadwire cha mwanayo anali asanamvepo liwu lake ngakhale limodzi.

Makinawo dzina lake lenileni linali lalitali, la m'mabuku, koma anthu analitaya tsiku lomwelo n'kuwatcha kamneneri. Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kufotokoza ngakhale nkovuta kukhulupirira. Munthu akafuna kunena kanthu, ubongo umayamba wakonza mawuwo lilime lisanagwedezeke. Kachitsulo ka kukhutu kankatola mawu okonzedwawo, mkanda n'kuwatulutsa. Sikankawerenga maganizo onse ayi, koma okhawo amene mwiniwake wawaloza kwa munthu wina.

Ndaziona anabadwa ndi otizimu, mkhalidwe umene umachititsa ubongo wa munthu kumva dziko mosiyana ndi anzake. Ena otere amalankhula mpaka kutopetsa, ena salankhula konse, ndipo iye anali m'gulu lachiwirili. Bambo ake anapirira zaka zisanu, kenaka ananena kuti akukafuna ntchito ku Tete, ndipo ntchitoyo ayenera kuti akuifunabe mpaka lero. Mai Kaliwo anatsala okha n'kuphunzira mwana wawo ngati buku. Ankadziwa kung'ung'udza kwa njala, kung'ung'udza kwa chisangalalo, ndi kupinda kwa zala za kuphazi kumene kunkatanthauza kuti zinthu zafika poipa. Iwo ndiwo anayambitsa gulu la makolo lotchedwa Tiwamvetse, limene linayamba ndi amayi anayi pansi pa mtengo wa mango n'kukula mpaka mabanja mazana anayi.

Mabanja onsewo ankadikira. Ndaziona anali woyamba kuvala kamneneri m'bomalo, ndipo pakutha pa miyezi isanu akuluakulu ochokera ku likulu anayenera kubwera kudzaona okha. Akakhutira, banja lililonse lidzalandira mkanda wake. Akapanda kukhutira, makinawo adzapita kwina.

Milungu yoyambirira inali ya zodabwitsa zokhazokha. Ndaziona ankanena kuti nyerere za pakhonde zasintha njira, mvula igwa mkucha, ndipo mkucha mvula inkagwadi. Ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa zimene zinkanyamula mbatata kuchokera ku Tsangano ankazisiyanitsa ndi kulira kwake, n'kumanena kuti yachitatuyo phiko lake ladwala. Mai Kaliwo ankangokhala kukamwa yasa. Mwana amene anthu ankamuyesa nyumba yopanda anthu anapezeka kuti ndi nyumba yodzaza mpaka kudenga.

Vuto linabwera ndi azakhali ake, a Feliya, alongo a bambo othawa aja. Anafika Lamlungu masana atavala zakutchalitchi, nati abwera kudzamva okha chozizwitsacho. Anatambasula dzanja, Ndaziona sanalilandire. Anamufunsa ngati akuwadziwa.

"Ndikukudziwani," unatero mkanda. "Pamene ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu munakhala pampando womwewo. Munauza aneba athu a Nabiyeni kuti amayi anandikhwimira kuti golosale yawo iziyenda. Munali mukudya chinangwa chathu."

Kunena zoona, anthu ambiri anali atalankhulapo zambiri pamaso pa mtsikanayu, poganiza kuti akulankhula pamaso pa mtondo. A Feliya ananyamuka osatsanzika, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti makina aja ndi amwano, amayalutsa akuluakulu. Ena anayamba kulambalala pakhomopo.

Mai Kaliwo anachita mantha. Sanaope a Feliya ayi, anaopa tsiku la akuluakulu. Nanga mwanayo akadzauza bwana wa ku likulu kuti m'kamwa mwake mukununkha? Anapita kwa dokotala Kachere n'kuwapempha kuti makinawo awaphunzitse khalidwe. Adokotala anakana poyamba. Anafotokoza kuti njira ilipo, yoti mawu asanatuluke azidutsa kaye m'pulogalamu imene inaphunzira malonje, mapepeso ndi malankhulidwe onse aulemu a anthu a kuno, koma iwo sankaikonda chifukwa sankadziwa kuti idzataya zotani.

"Adokotala, ufa wosasefa sapatsa mlendo," anatero mai Kaliwo. "Kumbuyo kwangaku kuli mabanja mazana anayi. Ikani sefayo."

Sefa inaikidwa, ndipo inagwira ntchito mopitirira muyezo. Ndaziona anasanduka mtsikana waulemu kuposa onse m'deralo. Ukamupatsa moni ankayankha kuti ali bwino kaya inu, ukamupatsa kanthu ankathokoza kawiri. A Feliya anabweranso ndipo anachoka akumuyamikira. Mai Kaliwo mtima unali m'malo. Tsopano ankatha kufunsa mwana wawo ali chotembenuka, manja ali m'mbale zotsuka kapena maso ali pa foni ya gulu, yankho n'kubwera lokha labwinobwino. Mtsikanayo anayamba kuonda, ndipo padzanja pake panaoneka zipsera za mano, koma akamufunsa, mkanda unkati palibe vuto amayi, zikomo pofunsa. Kodi kuno kwathu alipo amene amayankha moni ndi matenda? Ngakhale wogona m'chipatala amayamba ndi kunena kuti ali bwino pang'ono, ndipo sefayo inali itaphunzira kwa ife tomwe.

Tsiku la akuluakulu holo inadzaza mpaka anthu ena anaima m'mazenera. Amayi a Tiwamvetse anavala nsalu zofanana. Zimkuzamawu zinali m'makona onse anayi, timakamera touluka tinkazungulira pamwamba pa mitu ya anthu ngati mavu, ndipo kwaya inali itakonza nyimbo zitatu. Ndaziona anamukhazika pampando kutsogolo, pansi pa getsi lowala kwambiri. Bwana wa ku likulu, munthu wamtali wa imvi zambiri, anabwera kwa iye n'kumugwira dzanja.

"Ndakondwa kukuonani, bwana. Takulandirani ndi manja awiri," unatero mkanda.

Nthungululu inaphulika. Ndaziona anadzimenya ndi chibakera pamutu, kamodzi, kawiri, mkanda uli kunena kuti ali bwino ndithu, akuthokoza onse amene abwera. Anthu anapitiriza kuomba m'manja, poganiza kuti kudzimenyako ndi mmene ana otere amachitira basi. Mai Kaliwo nawo ankamwetulira, mpaka maso awo anagwera pansi. Nsapato imodzi ya mtsikanayo inali itavuka, ndipo zala zake za kuphazi zinali zitapindika zonse.

Anazindikira kuti patha miyezi asanayang'ane mapazi amenewo.

Anatembenukira kwa dokotala Kachere n'kuwanong'oneza kuti achotse sefa. Adokotala anawakumbutsa chapansipansi kuti bwana ali pomwepo, makamera akujambula, ndipo palibe angadziwe chimene chituluke. Mai Kaliwo anayang'ana m'holomo. Anaona amayi amene anayenda nawo zaka zonsezi, ena atabereka ana akuluakulu oti miyendo ikukhudza pansi, onse maso ali pa iwo. Anadziwa kuti akhoza kuwatayitsa zonse m'mphindi imodzi, ndipo zinawapweteka kwambiri. Koma paja manyazi anapha lambe.

"Chotsani," anatero.

Adokotala anadina pa kachipangizo kawo. Mawu anatuluka omwe aja, ofatsa, osathamanga, ndipo kufatsako ndiko kunaopsa anthu.

"Zimitsani. Zimitsani zonse. Phokoso likundibaya m'mano. Getsi likundiotcha. Bambo awa asiye dzanja langa. Amayi, ndimangeni."

Bwana anasiya dzanjalo ngati wagwira mbaula. Mai Kaliwo anavula nsalu yawo ya gulu pamaso pa anthu onse, osasamala kuti atsala ndi siketi yakale yam'kati, n'kukulunga nayo mwana wawo m'mapewa, kuikoka mwamphamvu ndi kumanga mfundo pachifuwa monga amamangira khanda. Umu ndimo ankamukhazikira mtima pansi kuyambira ali wamng'ono. Sefa ija sinkalola pempho limeneli kudutsa, chifukwa m'malankhulidwe onse amene inaphunzira munalibe namwali wamkulu wopempha kumangidwa ndi nsalu.

Mmodzi wa amayi a gulu anathamanga kukazimitsa zimkuzamawu. Wina anazimitsa magetsi. Timakamera tinatera pansi kamodzikamodzi. M'holo ya anthu chikwi munangoti zii, bata limene ambiri a iwo anali asanalimvepo chibadwire, pakuti dziko la masiku amenewo linkalira usana ndi usiku. Pang'onopang'ono zala za kuphazi zija zinawongoka.

"Tsopano ndikumva," anatero Ndaziona. "Padenga pali nkhunda ziwiri. Kumbuyo uko kuli mwana amene akung'ung'udza ngati ine. Nayenso getsi limamupweteka. Tsopano wasiya."

Anthu anatembenuka. Kumbuyo kwenikweni kunalidi mayi wina wa ku Kasinje atafungata mwana wake wamkazi, ndipo mayiyo anagwedeza mutu kuvomereza, akulira mwakachetechete. Palibe anaomba m'manja. Anthu ankangoyang'anana ngati aona chinthu choyera.

Bwana uja anagwada ndi bondo limodzi chapatali ndithu, manja ataika kumbuyo, n'kufunsa motsitsa mawu ngati makinawa ndi abwino kupatsa ana ena. Ndaziona sanamuyang'ane.

"Ndi abwino akamanena zanga. Masiku 118 ndakhala ndikukuwa, makinawa ankati zikomo."

Mikanda inaperekedwa ku mabanja onse mazana anayi, yopanda sefa, ndipo panaikidwa lamulo loti palibe kholo, dokotala kapena mphunzitsi wololedwa kusintha mawu a wovala mkanda. M'makomo ambiri munamveka zinthu zimene eni ake akadakonda kuti zisamveke, ndipo achibale ena anaphunzira kusamala pakamwa atakula kale.

Patapita mlungu, dokotala Kachere anafika kunyumba kwa mai Kaliwo m'mawa ndi nkhani imene ngakhale adokotalawo sankaiyembekezera. Sefa sinkataya kanthu. Zonse zimene inkakana kutulutsa inkazisunga, ziganizo zoposa zikwi khumi. Adokotala anati sangazitsegule popanda chilolezo cha mwini wake. Anamufunsa Ndaziona, iye anaganiza nthawi yaitali akugwedezeka, kenaka anati amayi okha amve.

Mai Kaliwo anakhala pakhonde ndi kachipangizo ka adokotala, atadzikonzekeretsa kumva madandaulo, mwinanso matemberero, ndipo ankaona kuti akuwayenera. Madandaulo analimodi, a phokoso, a dzino limene linamupweteka milungu itatu, a manja a alendo. Koma makinawo anali atasanja ziganizo potengera kuchuluka kwake, ndipo pamwamba pa zonse panali chiganizo chimodzi chimene chinanenedwa maulendo oposa chikwi, m'mawa, masana, pa nthawi yotsuka mbale, pa nthawi ya foni. Chinachokera kwa mwana amene chibadwire sanayang'anepo munthu m'maso.

"Amayi, tembenukani. Kale munkandiyang'ana."

Mai Kaliwo anazimitsa kachipangizoko. Anasuntha mpando wawo n'kuulozetsa kumene kunali mwana wawo, amene anali pansi akulondola mzere wa nyerere ndi chala, ndipo anakhala choncho akumuyang'ana mpaka dzuwa linafika pamutu. Anthu anali atapanga makina otha kutola mawu m'kati mwa ubongo, koma ntchito yotembenuka inali idakali ya munthu.